Ukali wa Galu Ndi wa Ndani?

Lachisanu lina titaweruka, mnyamata wa m'kalasi langa la giredi 11 anatsalira pakhomo nandionetsa foni. Pa Facebook panali chithunzi cha kagalu kotuwa, mutu ngati buloko, ndipo wogulitsa analemba kuti ndi pit bull weniweni.

"Ba Ticha, imwe muziba vambili. Pali iyi na Boerboel, ikalipa maningi ni iti? Bakawalala batibela futi mu kantemba ka ba mami."

Mnyamatayu amakhala ku Misisi, kumene inenso ndinakulira. Pakhomo pawo ndimapadziwa: mdadada wa zipinda zisanu, chipinda chilichonse banja lake, chimbudzi chimodzi, bwalo limodzi, mpanda palibe. Ndinamuuza kuti ndidzamuyankha Lolemba. Yankho ndinali nalo, koma manyazi anandigwira pakamwa. Funso lomwelo ndinalifunsapo ine zaka 7 zapitazo, ndipo amene analipira anali mwana wa eni.

Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba uphunzitsi, ndikuchita lendi zipinda ziwiri chakufupi ndi Blue Water. Usiku wina ndili kumaliro, akuba anathyola chitseko natenga laputopu imene ndinagula ndi ngongole, wailesi, mpaka nsapato zanga za kuntchito. Amene anaberedwapo amadziwa kuti katundu umaiwala, koma tulo timachedwa kubwerera. Nditalandira malipiro mwezi wotsatira, ndinagula kagalu kwa mnyamata wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. Anati bambo wake ndi Boerboel, mai wake ndi Rottweiler, ngakhale pepala la umboni panalibe. Anandiwonjezera malangizo aulere: azikhala pa tcheni, asamaone anthu masana, ana asamamugwire, ndipo m'nsima yake ndiziikamo mpilipili. Ine ndi digiri yanga ndinamvera zonse. Ndinamutcha Danger, ndi kumumangirira kuseri kwa nyumba pansi pa lata limodzi.

Atakwanitsa miyezi 10, waya umene ndinamangira tcheni unaduka. Kamtsikana ka aneba anga, ka zaka 6, kanali kuthamangira mpira wa mapulasitiki umene unagubudukira kuseri kwanga. Danger anakaluma pa katumba. Tinathamangira kukiliniki, kenako kuchipatala, ndipo popeza galuyo ndinali ndisanamubayitse katemera wa chiwewe, mwanayo anafunika jekeseni zingapo pa masiku osiyanasiyana. Ndalama ndinalipira. Madzulo amai ake anabwera pakhomo panga, osakuwa, osatukwana. Ine ndinayamba kudzichotsera mlandu: "Amai, munikhululukile. Ni mutundu wake chabe, niyokalipa."

Iwo anandiyang'ana nati, "Ba Ticha, mutundu wake munauziba pogula. Manje mwana wanga ndiye kawalala?"

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: galu akaluma, ukali wake ndi wa ndani? Wa magazi ake, kapena wa munthu amene anamulera?

Mitundu ya agalu imene timaitchula mayina pa foni sinagwe kumwamba. Anthu ndiwo anaipanga, posankha agalu oti abereketsane malinga ndi ntchito imene ankafuna. German Shepherd anayamba kulembetsedwa ngati mtundu mu 1899, pamene Max von Stephanitz wa ku Germany ankafuna galu woweta nkhosa womvera mbusa. Nchifukwa chake apolisi amamukonda, ndiponso nchifukwa chake akangokhala wopanda chochita amasokonezeka mutu. Rottweiler dzina lake ndi la tauni ya Rottweil, kumene ankathandiza ogulitsa nyama kukusa ng'ombe ndi kukoka tingolo. Boerboel ndi galu wa m'mafamu a ku South Africa, wolondera malo aakulu, ndipo wamwamuna amatha kupitirira makilogalamu 60. Makolo a pit bull ankawamenyanitsa ndi ng'ombe zamphongo ku Britain, ndipo masewero amenewo ataletsedwa mu 1835, anthu anayamba kumenyanitsa agalu okhaokha. Mbiri zonsezi ndi zoona, ndipo wogula galu ayenera kuzidziwa.

Komabe mtundu suneneratu mtima wa galu mmodzi amene wamugwira m'manja. Mu 2022 magazini ya Science inatulutsa kafukufuku wa Kathleen Morrill, Elinor Karlsson ndi anzawo a ku America. Anafunsa eni agalu oposa 18,000 za khalidwe la agalu awo, napima DNA ya agalu oposa 2,000. Anapeza kuti mtundu umafotokoza pafupifupi magawo 9 okha pa 100 a kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu. Pa zinthu zina, monga kumvera malangizo, mtundu unkaonekako. Pa nkhani yakuti galu amaputika msanga motani, unkanena zochepa kwambiri.

Madokotala a ziweto amatiuzanso kuti kagalu kamaphunzira za dziko pa masabata oyamba, kuyambira la 3 kufika cha m'ma 12. Zimene kaona pa nthawi imeneyo, kaya ndi ana, nkhuku, njinga kapena phokoso la pamsika, kamazitenga kuti ndi zabwinobwino. Zimene sikanaone kamakula nazo mantha. M'mera mpoyamba. Danger ndinamubisira dziko lonse pa nthawi yeniyeni yoti alidziwe. Mpilipili sunamupatse ukali, unangomupweteka m'mimba. Tcheni chinamuphunzitsa kuti chinthu chikamuyandikira kothawira kulibe, chotsala ndi mano. Ndinkaganiza kuti ndikulera msilikali, pamene ndinali kulera wamantha wa nsagwada zamphamvu.

Anzanga ena okonda agalu akamva zimenezi amathamangira kunena kuti mtundu ulibe kanthu, wolakwa ndi mwini basi. Apo sindigwirizana nawo kwathunthu. Kagalu koyera ka ubweya kaja timakatcha Maltese kakakwiya kamang'amba thalauzi. Boerboel akakwiya angaphe mwana. Mwina mtundu sungakuuze ngati galu adzaluma, koma umakuuza kukula kwa bala akadzaluma. Umakuuzanso malo amene akufuna, chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndi mphamvu imene udzafunika kuti umugwire akalusa. Amai aja ananena zoona. Mtundu ndinaudziwa pogula, ndipo kuudziwako kunawonjezera mlandu wanga.

Pali chinanso chimene chimandiluma pa mawu amene ndinalankhula usiku uja. M'Chinyanja liwu lakuti mtundu ndi limodzi, la galu ndi la munthu. Mawu akuti "ni mutundu wake chabe" ndawamvapo akunenera ana a m'kalasi langa. Mwana akachedwa chifukwa madzi asefukira m'njira, kapena akamenyana ndi mnzake, wina amati, "Ba ku Misisi ni mwamene balili." Inenso ndili ku yunivesite ndinkati ndimakhala ku Kamwala, chifukwa ndinkadziwa mmene nkhope zimasinthira ukatchula Misisi. Anthu sitinapangidwe ngati agalu a mayina aja, palibe anatisankhira makolo kuti tikhale olondera kapena osaka. Ndiye ngati ngakhale kwa galu, amene anachita kupangidwa dala, mtundu umanena zochepa chotero, kwa munthu ungatiuze chiyani? Mawuwa timawakonda chifukwa amatipumitsa. Ukangoti ndi mtundu, sufunsanso kuti ndani anamanga tcheni, ndani anamana chakudya, ndani anasiya ngalande zitatsekeka.

Koma mnyamata wanga uja sanabwere kudzamva nzeru za m'mabuku. Amai ake aberedwa kawiri. Kantemba kaja ndiko kamalipira lendi ndi mayeso ake. Angandifunse kuti, a ku Kabulonga ali ndi mpanda wa magetsi ndi alonda a kampani, nanga ife osauka tisadziteteze? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo mantha ake ndimawadziwa chifukwa ndinagona nawo. Wosauka ali ndi ufulu wogona tulo ngati wina aliyense.

Vuto ndi lakuti m'komboni galu sakhala wa munthu mmodzi. Kumayadi galu wolusa amakhala kuseri kwa khoma ndi geti, ndipo woopsezedwa ndi amene wadumpha khomalo. Kwathu bwalo lako ndilo njira ya ana opita kukatunga madzi, ndilo poyanika zovala pa aneba, ndilo bwalo la mpira. Wakuba amabwera kamodzi pa chaka, ndipo amabwera atakonzeka, nthawi zina ndi nyama yothira poizoni. Ana amadutsa kakhumi pa tsiku, manja ali lende. Ukaika galu wolusa pamalo otere, mtendere wa usiku ndi wako, koma chiopsezo cha masana wagawira anthu amene sunawafunse. Ine ndimaona kuti chilungamo cha nkhani yonse chagona pamenepo: kodi ndingagule tulo tanga ndi mwendo wa mwana wa mnzanga?

Ndikaganiza bwino, chimene ndinkafuna usiku uja sichinali mano. Ndinkafuna wondidzutsa. Ntchito imeneyi galu wathu wakumudzi amaichita bwino, yemwe uja timamunyoza kuti ndi wachabechabe chifukwa alibe dzina la Chingelezi. Ambuya anga ku Katete anali ndi wotero, wofiirira, woonda, wa makutu osongoka. Dzina lake linali Dziwazako, pakuti kumudzi dzina la galu limakhala uthenga kwa aneba. Sanamangidwepo. Ankaperekeza ambuya kumunda, ana ankamukoka mchira, koma mlendo akafika usiku mudzi wonse unkadziwa. Agalu otere akhala ndi anthu a kuno zaka mazanamazana, ndipo anazolowera kutentha, nkhupakupa ndi chakudya chathu. Ku South Africa anawapatsa dzina lakuti Africanis, ndipo mu 1998 anakhazikitsa bungwe lowasamalira. Ife tikadali kuwagenda miyala, kwinaku tikusonkha ndalama zogulira galu amene sitingathe kumudyetsa.

Ngakhale wakumudziyo si waulere. Galu amakhala zaka 10 kapena kuposa, ndipo zaka zonsezo amadya, amadwala, amafuna kuyenda. Amafunanso katemera. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri a mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 alionse ofa nacho, pafupifupi 4 ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, kuchira kumakhala pafupifupi kosatheka. Nchifukwa chake dziko lathu lili ndi lamulo la Control of Dogs Act, loti agalu azilembetsedwa ndi kuti chiwewe chisafalikire. Galu akakuluma, tsuka bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo upite kuchipatala tsiku lomwelo. Ine zonsezi ndinaziphunzirira pa benchi ya chipatala, mwana wa eni akulira pambali panga.

Danger anatengedwa ndi amalume anga kupita naye kumunda kwawo ku Chongwe. Atachoka pa tcheni, napeza malo othamanga ndi munthu wolankhula naye tsiku ndi tsiku, anafatsa moti ndinachita kumukayikira nditapita kukacheza. Koma ana sanawakhulupirirenso mpaka imfa yake, ndipo amalume ankamutsekera adzukulu akabwera. Zina zimene tawononga pachiyambi sizikonzeka zonse.

Lolemba mnyamata uja ndinamufotokozera nkhani yonseyi, kuphatikizapo mbali yochititsa manyazi. Kenako ndinamuuza kuti asanafunse za mtundu, ayankhe mafunso ena. Galuyo adzagona pati, ndipo adzathamanga kuti? Mwezi umene kantemba sikanagulitse, adzadya chiyani? Iwe ukadzapita ku koleji, adzatsala ndi ndani? Ndipo mabanja anayi aja a pa mdadada wanu wawafunsa? Ndinamuuza kuti ngati mayankho alipo, apeze kagalu kakumudzi kapena kosakanizika, kapena akafunse ku Lusaka Animal Welfare Society kumene amapezera agalu osiyidwa makomo atsopano. Akabayitse katemera, ana onse a pabwalo azikanyamula kakadali kakang'ono, ndipo ndalama yotsala agulire amai ake loko wolimba ndi zitsulo za pazenera.

Anakhala chete, kenako anati, "Manje Ba Ticha, imbwa ya kumunzi banzanga bazaniseka."

Ndinamuuza kuti akhoza kumuseka ndithu. Inenso pogula Danger sindinkaganiza za akuba okha. Ndinkafuna kuti anthu akadutsa pakhomo panga azidziwa kuti pano pali mwamuna wosaseweretsa. Galu wamtundu m'komboni ali ngati foni yodula, theka ndi ntchito, theka ndi kudzionetsa. Kusiyana kwake ndi kwakuti foni ukaisiya m'kabati simva ludzu.

Sindidziwa chimene mnyamatayo adzasankhe. Kamtsikana kaja tsopano kali ndi zaka 13. Ndikapita kukaona amai anga timakumana panjira, ndipo amandipatsa moni mwaulemu monga mwana woleredwa bwino. Chipsera chili pa katumba, chooneka akavala yunifomu. Akaona galu aliyense, ngakhale wogona padzuwa, amapatuka kukadzera kuseri kwa nyumba zina. Njira yake yopita kusukulu inatalika, ndipo amene anaitalikitsa ndine.