Chinsomba chatibisira nkhani ya Yona

Mukafunsa ana a Sande sukulu za buku la Yona, amathamangira kutchula chinsomba, ndipo akuluakulu ambiri amatero ndithu. Komatu m'machaputala anayi a bukuli chinsombacho chimangotchulidwa m'mavesi atatu. Chozizwitsa chimakopa maso, koma wofuna mfundo yaikulu ya nkhani ayenera kuona chimene wolemba akubwerezabwereza ndiponso pamene walekezera. M'bukuli chobwerezedwa n'chakuti zonse zikumvera Mulungu kupatula mneneri wake. Namondwe akumvera. Amalinyero achikunja akutaya katundu m'nyanja uku akupemphera. Mfumu ya ku Nineve ikuvula mkanjo wachifumu n'kukhala paphulusa, ngakhale ziweto zikufunditsidwa ziguduli. Msatsi ukumera usiku umodzi, mbozi n'kuudya m'bandakucha monga yatumidwira.

Alaliki ambiri amati phunziro lake n'lakuti munthu sangathawe maitanidwe a Mulungu, ndipo n'zoona kuti Yona anakwera chombo ku Yopa kulunjika ku Tarisi atatumidwa ku Nineve. Koma mfundo ikanakhala yokhayo, nkhani ikanathera pa chaputala 3, pamene mneneri walalika ndipo mzinda walapa. Wolemba anapitiriza, ndipo mu chaputala 4 ndi mmene Yona akuulula chimene chinamuthawitsa. Sanali mantha. Ankadziwa kuti Mulungu ngwachifundo ndipo adzawaleka anthu a ku Nineve, adani a mtundu wake. Munthu amene anayamika ali m'mimba mwa chinsomba chifukwa chopulumutsidwa, ndi yemweyo akupempha imfa poona kuti chifundo chomwecho chagwera ena. Tikafika apa, za msatsi zija zimamveka: mneneri akulirira kamthunzi kake, pamene mzinda wonse anaufunira moto.

Wina angati tikumuweruza mopitirira Yona. Nineve unali mzinda waukulu wa Asuri, ufumu umene unagwetsa Samariya cha m'ma 722 BC n'kusamutsa anthu ake, ndipo buku la Nahumu limakondwerera kugwa kwa mzinda womwewo. Kodi kukhululukira anthu otere si kuiwala misozi ya amasiye? Funso limeneli n'lolemera, ndipo ndikuona kuti wolemba sanalipeputse. Mulungu sakumulanga Yona chifukwa cha mkwiyo wake, akungomufunsa ngati kuli koyenera kupsa mtima chotero. Asuri sakuyeretsedwa, poti kuipa kwawo kwatchulidwa poyambirira penipeni. Chimene wolemba akukana n'chakuti wolakwiridwa ndiye aziikira Mulungu malire a chifundo.

Ife amene tinazolowera nthano zothera pa phunziro tingaone ngati bukuli silinathe, pakuti limalekezera pa funso la Mulungu lonena za anthu oposa 120,000 ndi ziweto zawo, Yona osayankha kanthu. Ndikhulupirira kuti wolemba anachita dala. Yona akanavomera, omvera akanangogwedeza mitu n'kumwazikana, mlandu watha. Koma amene ankamva nkhaniyi poyamba anali anthu odziwa bwino zimene Asuri anachitira mtundu wawo, ndipo funso lija linatsalira iwowo.