Tikugula Chete ndi Shuga

Ndinamuona pamsika wa Thuchila, mwana wa zaka ngati zisanu, tsaya litatupa, kansalu katamangidwa kuzungulira chibwano. Mayi ake ankamukoka dzanja kupita pokwerera minibasi ya ku Mulanje boma, ndipo kuti aleke kulira anamugulira firizesi yofiira. Ankayamwa ndi mbali imodzi ya kamwa, misozi ili chuchuchu. Mtima unandiwawa, abale anga, pakuti chomwe chinamubowola dzino ndicho chinasanduka chomutonthozera.

Kodi tafika pati? Ndi liti pamene kulera kunasanduka kugula chete? Mwana akalira, switi. Akakana sukulu, bisiketi. Bambo akafuna kuphimba manyazi a kusowa pakhomo sabata yathunthu, abwera ndi botolo la zozizilitsa kukhosi m'thumba. Timati n'chikondi, koma chikondi chanji choopa kunena kuti ayi?

Makolo athu, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ankatipatsa chinangwa chophika, mbatata yootcha, nandolo, kalongonda, mtedza ndi matemba. Mzimbe unalipo, inde, nanazi analipo, koma zinali ndi nthawi yake, ukadya, watha. Lero kamwa la mwana silipuma kuyambira tiyi wa masupuni atatu m'mamawa mpaka switi yogona nayo m'tsaya. Tizilombo tokhala pamano timadya shugayo n'kutulutsa asidi wosungunula chikuto cholimba cha dzino. Malovu amayesetsa kukonza, koma amafuna mpata. Mpata tiwapatsa liti? Switi imodzi yomungunya ola lathunthu, ina n'kutsatira, imawononga kuposa chotsekemera chodyera limodzi ndi chakudya. Usiku malovu amachepa, ndiye ife n'kumugoneka khanda ndi botolo la madzi a shuga kukamwa!

Bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa achepe ndithu, makamaka asapitirire magalamu 25 patsiku, masupuni aang'ono 6. Botolo limodzi la zakumwa zambiri zotsekemera lapyola kale pamenepo.

Ndiye pali mawu aja odzitonthoza nawo: "Ndi mano aubwana, aguluka okha." Ha, ulesi wovala nzeru! Mano 20 oyambawo ndiwo amasungira malo mano aukulu, ndiwo mwana amatafunira kuti akule. Pazaka 6 kumamera mano aukulu otafunira kumbuyo kwenikweni, popanda dzino lililonse kuguluka. Kholo losasuzumira limayesa ngaubwana, n'kuwalekerera awole. Amenewo akazulidwa, samera enanso. Ndani adzayankhe mlandu wa mwana wogona osatseka maso ndi ululu, wojomba kusukulu, wophimba pakamwa poseka?

Dziko lathu linayamba kuphunzitsa madokotala ake a mano mu 2019 ku College of Medicine, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa. Zabwino zimenezo. Koma dokotala sadzalowa m'khitchini mwanu kudzakugwirani dzanja pothira shuga. Sadzaima pachipata cha sukulu pomwe ndalama imene mwapatsa mwana ikuthera.

Mayi, bambo, agogo, madzulo ano muitaneni mwanayo, ayasamule, muone nokha. Mutsukeni mano m'mawa ndi pogona ndi mankhwala a fluoride, mum'mwetse madzi, ndipo mukaona kadontho kakuda, pitani naye kuchipatala tsaya lisanatupe.