Dambo la Tonse Angaligulitse Ndani?

Munthu wochokera ku Blantyre akamapita kuchipata cha Mwanza amaona manachesi ataunjikidwa m'mbali mwa msewu ndi magalimoto akuluakulu olowera ku Tete. Chimene sachiona ali m'basi ndi madimba a m'madambo, m'midzi ya kwa Inkosi Kanduku ndi madera oyandikana nawo. Kumeneko amayi amalima mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi m'chilimwe, nkhokwe ikayamba kupepuka. Ndalama ya sopo, ya mchere ndi ya makope a ana imachokera m'madimbamo.

Malo a kufupi ndi msewu waukulu amakopa anthu andalama. Wina afuna kumanga pomwetsera mafuta, wina nyumba zogona alendo, wina mosungira katundu. Khonsolo nayo imafuna chitukuko ndi misonkho, ndipo zimenezi si zolakwika, poti achinyamata a ku Mwanza akusowa ntchito. Koma ngati wogula walipira mtengo wonse, mfumu yavomera, mapepala asainidwa, kodi chilungamo chathera pomwepo?

Anthu a m'bomali anaonapo kale ntchito yaikulu ikufuna malo. Kuyambira mu 2012 kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yonyamula malasha a ku Moatize kupita kudoko la Nacala, kudutsa m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya ku Balaka. Pa ntchito zotere chipukutamisozi chimawerengedwa mosavuta pa zinthu zokhala ndi mwini: nyumba ya uje, munda wa uje, mitengo ya mango ya uje. Dambo, msipu, chitsime ndi njira ya kumtsinje zilibe dzina la munthu mmodzi. Chinthu cha tonse chimavuta kuchiikira mtengo, ndipo chimapita msanga chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake ndiye alankhula.

Nkhani ya Naboti m'Buku Loyamba la Mafumu, mutu 21, imathandiza pamenepa. Mfumu Ahabu sanayambe ndi kulanda. Anapempha munda wa mphesa uja mwaulemu, nalonjeza ndalama kapena munda wina woposa. Naboti anakana chifukwa mundawo unali cholowa cha makolo, ndiye kuti sunali wake yekha woti n'kuugulitsa. Kenaka Yezebele anagwiritsa ntchito akuluakulu a mumzinda, makalata a chidindo cha mfumu ndi mboni zonama. Zonse zinkaoneka ngati zatsata lamulo, komabe Eliya anatumidwa kukadzudzula. Mtengo wabwino ndi chidindo sizikwanira kuyeretsa malonda a malo.

Malamulo a dziko lino akuvomereza mfundoyi. Lamulo la malo a m'midzi la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limati pakhale komiti yoyang'anira malo. Wapampando wake ndi gulupu, ndipo mamembala ena 6 amasankhidwa ndi anthu, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Pakabuka mkangano pali bwalo la za malo kwa mfumu yaikulu, ndi lina paboma. Tanthauzo lake n'lakuti mfumu ndi msungi wa malo, ndipo msungi sagulitsa yekha chimene anamusungitsa.

Komiti yosakumana, kapena yomwe amayi ake amangokhala chete kumbuyo, singateteze dambo. Choncho mudzi wofuna kusunga madimba ake uli ndi ntchito: kuyenda malire pamodzi, kulemba maina a onse olima m'menemo kuphatikizapo amasiye, kufunsa kukhonsolo mapulani a deralo, ndi kupita kumisonkhano ali gulu. Mutu umodzi susenza denga. Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere ndi miphakati zingathandize anthu kuwerenga mapepala asanadinde chala.

Kuteteza dambo si kukana chitukuko. Nthawi zina mudzi uyenera kupereka malo kuti pamangidwe sukulu, chipatala kapena msewu. Chofunika n'chakuti nkhaniyo ikambidwe pabwalo masana, amene amadya za m'dimbamo amveke, ndipo akachoka apatsidwe malo ena okhala ndi madzi. Ndalama ya chipukutamisozi imatha pakangopita miyezi, pamene dimba limabala chaka ndi chaka.

Nkhaniyi ikukhudzanso Akhristu a m'tauni. Ogula malo kumudzi si makampani akunja okha. Ena ndi anthu apantchito a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amene amasunga ndalama zaka zambiri kuti apeze pokapumira akadzasiya ntchito. Cholinga n'chabwino. Koma asanapereke ndalama, wogula ayenera kufunsa mafunso atatu: amalima pano m'chilimwe ndani, kodi anafunsidwa, nanga akachoka apita kuti? Wogulitsa akayankha kuti zimenezo akambirane awiri madzulo kunyumba, wogulayo abweze ndalama m'thumba, apemphe kaye kuonana ndi komiti ndi amayi a m'dimbamo.