Kodi Ulemu Uli pa Mpando kapena pa Munthu?

Mlembi wa mpingo wina cha ku Nathenje, pofuna kuitana bambo amene anali phungu wa Nyumba ya Malamulo kufikira chisankho cha pa 16 September 2025 kuti adzakhale nawo pa tsiku losonkha ndalama za denga la tchalitchi, anakhala nthawi yaitali cholembera chili m'manja, osadziwa ngati alembe "Olemekezeka" kapena angoti "Bambo". Ndipo ngakhale akulu ampingo ena anamseka, ine ndinaona kuti wagunda pa funso lakale, loyenera kulisinkhasinkha mofatsa.

Kwathu kuno maina aulemu sayenda njira imodzi. Dzina la Mazengera, mfumu imene inalandira amishoni a Dutch Reformed Church patsinde pa phiri la Nkhoma m'chaka cha 1896, likadalipo lero, popeza mfumu ikagona wina amalowa dzina. Mbusa wa Sinodi ya Nkhoma naye, angakhale apume pa ntchito, maso nachita khungu, timamutchulabe Abusa kufikira kumanda, chifukwa manja amene anasanjikidwa pamutu pake sabwezedwa. Koma uphungu ndi chovala chobwereka kwa anthu a ku Mitundu, a ku Nathenje ndi midzi yonse yoponya voti, ndipo eni ake amachiitanitsa zikatha zaka zisanu. Paja akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Aphungu ambiri amawapondadi mamewo pa chisankho chilichonse.

Wofuna kumvula munthu dzina ali ndi pogwira, pakuti Luka, amene poyamba Uthenga wake anamtchula Teofilo ndi mawu aulemu oyenera nduna, pomlembera buku la Machitidwe anangomtchula dzina lokha. Komabe mtima wanga umatsamira kwa Davide, yemwe m'phanga la ku Engedi, Sauli atakanidwa kale ndi Mulungu, anamuyesabe wodzozedwa wa Yehova, nadzitsutsa mumtima chifukwa chongodula nsonga ya chovala cha Sauliyo. Nanga ife, amene dzulo lomweli tinkam'gwadira phungu wakaleyu pomupempha mjigo ndi mabokosi a maliro, tidule chovala chonse lero chifukwa galimoto yake yaleka kuima pamsika? Tikatero tadziulula tokha kuti tinkalemekeza thumba lake.

Kumbali ina, kumulembera ngati akadali pampando ndi bodza, ndiponso ndi chipongwe kwa amene anthu amusankha tsopano. Bodza silisanduka ulemu chifukwa lalembedwa ndi dzanja labwino.

Tsono ndinamuuza mlembi uja kuti pa envelopu alembe "Olemekezeka Bambo Uje, phungu wakale wa dera lino", malembo a M.P. awasiye kwa mwini mpando, ndipo m'kati mwa kalatayo, popeza akuitana ndi mpingo, ayambe ndi mawu akuti "Wokondedwa mbale mwa Ambuye".