Tabuleti m'kalasi: ndani adzafunse za mwana amene sanabwere?

Mu September 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba kugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale 500 kudzera mu ndondomeko ya BEFIT. Cholinga n'chakuti pofika 2029 sukulu zonse za boma, pafupifupi 6,000, zikhale zitalandira, kuti mwana aliyense wa Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa makina otchajidwa ndi sola. Sukulu za ku Milepa, m'boma la Chiradzulu, zili m'chiwerengero chomwecho. Nkhaniyi ikabuka, anthu amathera pa mabatire, akuba ndi ndalama zokonzetsera. Funso lalikulu limatsalira m'mbuyo: pa ntchito yophunzitsa mwana, ndi mbali iti imene munthu angaisiyire makina, ndipo ndi iti imene sangaitule kwa wina?

Funsoli ndi lakalekale. Zaka zoposa 2,300 zapitazo Plato, m'buku lake la Phaedrus, anasonyeza Socrates akukayikira luso limene lero ndilo maziko a sukulu: kulemba. Nkhawa zake zinali ziwiri. Yoyamba, anthu adzaleka kusunga zinthu pamtima. Yachiwiri, mawu olembedwa ukawafunsa amangobwereza zomwezo, ndipo sadziwa amene akulankhula naye. Yoyambayo anthu a ku Chiradzulu anaiyankha kale. John Chilembwe atabwerako ku Virginia mu 1900 n'kutsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, buku ndi cholembera ndizo zinali zida zachilendo, ndipo palibe anganene kuti ana a pamishoni paja anapusa nazo. Yachiwiriyo ndiyo ikadali ndi mano.

Tabuleti imayesa kuiyankha. Pulogalamu yake, yopangidwa ndi bungwe la onebillion, imalankhula Chichewa. Mwana akalakwa imamubwezera pomwe wapunthwa, kakhumi ngakhale kakhumi n'kasanu, osatopa, osamunyoza, anzake osamuseka. Itayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anapeza kuti ana amene anaigwiritsa ntchito kwa masabata asanu ndi atatu anaposa anzawo pa masamu.

Amene amati makina akudzaononga umunthu ayambe akhala kaye m'kalasi ya Sitandade 1. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, makalasi a ana ang'ono ndi odzaza, ena kupitirira ana 100, pomwe boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Aphunzitsi amaloza pa bolodi, kalasi yonse n'kuyankhira pamodzi, mokweza, mpaka oyenda pamsewu kumva. Kumveka kwake n'kosangalatsa, koma m'phokoso lomwelo mumabisala mwana amene akungoyendetsa milomo. Amakwera kalasi chaka ndi chaka, n'kukafika Sitandade 4 asakutha kuwerenga chiganizo. Mwana ameneyu ali pakati pa anthu koma palibe wamuona. Pa tabuleti alibe pobisala, ndipo chimenechi n'chifundo, ngakhale chachokera ku chinthu chopanda mtima.

Komabe kalasi ya matabuleti ili ndi chete wake wodabwitsa. Aliyense wavala zomvera m'makutu, maso pa galasi, yekhayekha. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo akatswiri a zaumulungu monga Augustine Musopole anamangapo chiphunzitso chonse cha umunthu: munthu amakhala munthu pakati pa anzake. Pulogalamu ya pawailesi ya Tikwere, yomwe inayamba kumveka pa MBC mu 2008, inkaoneka kuti ikudziwa zimenezi. Mawu a pawailesi ankalekeza dala, kusiyira mphunzitsi mpata woimiritsa ana, kuwafunsa ndi kuwaimbitsa. Popanda mphunzitsi phunziro silinkayenda. Tabuleti imayenda yokha, ndipo apa ndi pamene pali msampha: mphunzitsi akhoza kusanduka wotchaja makina ndi wosunga kiyi wa kabati.

Pali chinanso chimene otamanda makinawa amachidumpha. Amati tabuleti ndi yoleza mtima. Kuleza mtima ndi kwa amene akanatha kukwiya koma wadzigwira. Mphunzitsi amene malipiro amuthera pakati pa mwezi, mutu ukumuwawa ndi phokoso, koma n'kugwadabe pafupi ndi mwana kumugwira dzanja kuti alembe "b" osati "d", walipirapo kanthu. Mwana amaona mtengowo, ndipo pambali pa chilembo amatolapo khalidwe. Tabuleti ikabwereza kakhumi sinataye chilichonse.

Ndiye pali mwana amene sanabwere. Tsiku la msika ku Milepa kaundula amakhala ndi mipata: wina watumidwa kukagulitsa tomato, wina akulera mng'ono wake, mtsikana wina wangozimiririka pakati pa teremu. Makina angathe kulemba kuti nambala yakuti sinalowe lero. Sangavutike mumtima. Fanizo la m'Uthenga Wabwino la mbusa wosiya nkhosa 99 kukafuna imodzi limamveka mopanda nzeru kwa wowerengetsa, koma ndi mmene mphunzitsi wabwino amachitira: amafunsa anzake a mwanayo, amauza gulu la amayi, nkhani n'kukafika kwa amfumu. Namondwe Freddy atagumula midzi ya m'Chiradzulu mu March 2023, sukulu zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi ndi matope. Zitatsegulidwanso, ntchito yoyamba sinali masamu. Inali kudziwa kuti ndani wabwera, ndani wasamuka, ndani waferedwa, ndipo yankho lake linkafuna munthu wodziwa ana ndi maina awo.

Choncho muyeso wa BEFIT usakhale chiwerengero cha matabuleti okha. Mphindi zimene ana ali pa makina zimamasula mphunzitsi, mwina kwa nthawi yoyamba, kuti akhale pansi ndi ana atatu otsalira m'mbuyo. Zikhozanso kupatsa boma chifukwa chozengerezera kulemba ntchito aphunzitsi atsopano, omwe ena amadikira zaka atamaliza maphunziro awo. Ziwiri zonsezi n'zotheka ndi tabuleti yomweyo, ndipo osankha ndi a ku Capital Hill, a ku ofesi ya maphunziro pa boma ku Chiradzulu, ndi komiti ya sukulu.