Duku, nduwira ndi chipewa: kodi za kumutu zili ndi kanthu pamaso pa Mulungu?

Lamlungu m'mawa pa msewu wa ku Nsaru ndi ku Kabudula, munthu atha kudziwa kumene aliyense akulowera asanamufunse, pongomuyang'ana kumutu. Amayi a Chigwirizano a mpingo wa CCAP amamanga duku loyera. Amayi achikatolika opita ku parishi ya Nambuma kapena ya Namitete amamanga la nsalu yofanana ndi chitenje cha bungwe lawo. Bambo wa jekete amavala chipewa, koma akafika pakhomo pa tchalitchi amachivula n'kuchikhazika pabondo. Zonsezi tinazizolowera, mpaka tsiku limene mtsikana wa kwaya wabwera ndi tsitsi loluka, wopanda duku, ndipo mkulu wa mpingo wamuuza kuti akhale kaye pansi. Pamenepo funso limabuka: kodi kansalu ka kumutu kali ndi kanthu pamaso pa Mulungu? Yankho langa ndi lakuti chovala cha kumutu sichiyeretsa munthu, koma chimalankhula, ndipo chimakhala choyenera pokhapokha ngati chikunena zoona za amene wachivala ndi za malo amene waimapo.

Anthu a ku Scotland, kumene kunachokera amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, amadziwa bwino nkhani imeneyi. Amuna a kumapiri a dzikolo ali ndi chovala chotchedwa kilt, nsalu yaubweya yamizeremizere yopindapinda yolekeza m'mawondo, ndipo wochivala amaganiza mofatsa za chisoti chogwirizana nacho. Pali Balmoral, chofewa, chophwatalala pamwamba, ndi Glengarry, chosongoka ngati bwato, chimene asilikali ndi oyimba zitoliro amachikonda. Koma nkhani yaikulu ili pa nthenga. Mwa mwambo wawo, mfumu ya fuko imaika nthenga zitatu za chiwombankhanga pachisoti, wotsatira wake ziwiri, ndipo munthu wamba akaziika, ngakhale zimukhale bwanji, anzake amamuona ngati wonama. Boma la ku London linaletsa chovala cha kilt mu 1746 pambuyo pa kuukira kwa mafuko a kumapiriwo, ndipo lamulolo linakhalapo mpaka 1782. Palibe boma limene limaopa ubweya. Linkaopa zimene nsaluyo inkanena, zoti munthu uyu ndi wa fuko lakuti ndipo amamvera mfumu yakuti. Ifenso tinalawa zotere pamene lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, mu ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, amene anaphunzira ku Edinburgh ndipo chipewa chake chakuda chinkadziwika ndi mwana aliyense.

Ena amati za maduku ndi zipewa n'zobwera ndi azungu, choncho Mchewa asataye nazo tulo. Nsaluyo mwina n'jobweradi, koma ganizo loti mutu umalankhula amishoni analipeza kale kuno. Mfumu ikamalongedwa ufumu kwa Kabudula kapena m'midzi ya ku Mpingu, chimene chimatsimikiza kuti zatheka ndi kuiveka nduwira pamaso pa mbumba ndi mafumu anzake. Munthu wina atagula nsalu yomweyo pa msika wa Nsaru n'kuimanga chimodzimodzi, sakhala mfumu, amakhala wopalamula mlandu. Nduwira imabwera ndi katundu wake, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya: milandu ya malire, maliro, chiweruzo, zonse zimafikira pa woivalayo. Namwali wotuluka ku chinamwali ankavekedwa chingondo, choumbidwa ndi dothi, kuti mudzi wonse udziwe kuti uyu salinso mwana. Ofedwa amameta pomaliza maliro, ndipo mutu wampalawo umauza aliyense zimene zagwa pakhomopo. Mwamuna wokumana ndi chithatha panjira amatsika panjinga n'kuvula chipewa, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. Angoni ali ndi nyoni yawo ya nthenga. Ndiye mayi wa Chigwirizano akamamanga duku lake mosamala, akulikoka kuti liphimbe tsitsi lonse n'kulimanga mfundo pankhongo, sakuchita zachilendo. Akulankhula chinenero chimene agogo ake ankachidziwa.

Mtsutso wamphamvu kwambiri ndi wa iwo amene amati Mulungu amayang'ana mumtima, monga momwe Samueli anaphunzirira posankha Davide pakati pa ana a Jese. Izi n'zoona, ndipo mpingo umene waiwala zimenezi wasokera. Koma tiyenera kufunsa kuti duku timamangira ndani. Mulungu safuna chizindikiro kuti adziwe mtima wa munthu, koma ife anthu timachifuna, chifukwa sitiona mumtima mwa anzathu. Wodwala wogona m'chipatala cha St Gabriel's ku Namitete akaona maduku oyera akulowa pakhomo la wodi, amadziwa kuti mpingo wake wafika asanamve liwu limodzi. Namfedwa akaona amayi omwewo atazungulira bokosi usiku wonse, amadziwa kuti sali yekha. Duku pamenepo ndi lonjezo loonekera, loti ine ndadzipereka kuchezera odwala, kuphika pamaliro, kulangiza ana. Wonena kuti zakunja zilibe kanthu amaiwala kuti chikondi chimene sichionekera kunja sichitonthoza aliyense. Komabe lonjezo litha kukhala labodza, ndipo apa ndi pamene mtsutsowu umaluma. Duku loyera pamutu pa munthu amene amakana kuthandiza ana amasiye a mchemwali wake likunena zimene moyo wake ukukana. Chofunika kukonza pamenepo ndi moyowo, osati kutaya duku.

Kumbali inayo kuli amene amatsegula 1 Akorinto 11 n'kunena kuti nkhani yatha: Paulo analamula kuti mkazi afunde kumutu popemphera ndipo mwamuna asafunde. Ndimalemekeza kuopa kwawo Malemba, koma ndikuona kuti akuwerenga chizindikiro ngati kuti ndicho chinthu chenichenicho. Paulo ankalembera mzinda umene mutu wosafunda wa mkazi wokwatiwa unkanena chinthu china kwa anthu a kumeneko, ndipo iye mwini anawauza kuti aweruze okha chimene chili choyenera. Taonani mmene ulemu womwewo umavalira mosiyana. Mkhristu wamwamuna amavula chipewa polowa m'nyumba ya Mulungu, pamene Msilamu amavala kofia popita ku mzikiti ndipo Myuda amafunda kumutu popemphera. Sitinganene kuti mmodzi mwa iwo akuchitira Mulungu chipongwe, pakuti onse akunena mawu amodzi ndi manja osiyana. Mpingo wa Katolika nawo unaona zimenezi: malamulo ake a 1917 ankafuna kuti amayi afunde kumutu m'tchalitchi, koma a 1983 sanabwereze lamulolo. Amayi a ku Nambuma akumangabe maduku mpaka lero popanda wowakakamiza kuchokera ku Roma, ndipo kwa ine duku lomanga mwa kufuna kwako limanena zoona kuposa lomanga poopa kubwezedwa pakhomo.

Chondivuta mumtima n'chakuti katundu wa nkhaniyi amagwera mbali imodzi. Mwamuna akavula chipewa wakwanitsa lamulo osawononga tambala. Mkazi ayenera kugula nsalu, kuichapa ndi sopo, kuisita, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, fodya asanagulitsidwe ndi chimanga chisanache, ndalama ya sopo imapikisana ndi ya ufa. Mayi amene wakhala kunyumba Lamlungu chifukwa duku lake lachita chikasu sanachimwe. Wachimwa ndi amene anamuyang'ana mwachipongwe sabata yapitayo. Kalata ya Yakobo inadzudzula kale mpingo wopatsa mpando wabwino wovala zokongola n'kuimika wosauka kumbuyo. Chizindikiro chikasanduka mpanda, chimayamba kunena bodza lalikulu kuposa onse, loti Mulungu amalandira okhawo otha kugula.

Dziko lathu laphunzirako pang'ono pa nkhaniyi, ngakhale movutikira. Mu 2019 ku Balaka kunabuka mkangano woopsa pa za atsikana achisilamu ovala hijabu m'sukulu za mpingo, ndipo mu 2021, pambuyo pa zokambirana zotsogoleredwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, mbali ziwirizo zinagwirizana kuti hijabu ivalidwe koma igwirizane ndi mtundu wa yunifolomu. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta asabwezedwe m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. M'nkhani zonse ziwirizi palibe amene ananena kuti za kumutu n'zachabe. Anavomereza kuti zimanena za chikhulupiriro cha mwanayo, n'kupeza njira yoti zinene zimenezo popanda kumutsekera chitseko cha kalasi.

Akulu a mipingo a ku Nsaru, Namitete ndi Mpingu, phunzitsani atsikana tanthauzo la duku musanawafunse chifukwa chimene sanalimange, pakuti ambiri sanauzidwepo. Wovala yunifolomu ya bungwe amange duku lake monga analonjezera tsiku limene anavekedwa. Koma mlendo, wosauka kapena mwana amene akufunafunabe njira, mulekeni alowe ndi mutu wake mmene ulili, ndipo ngati duku likufunikadi, amayi a bungwe asonkhe amugulire.