Mlandu Suwola

Mwambi woti "mlandu suwola" umamveka kawirikawiri pabwalo la mfumu, pamaliro ndi pa zokambirana za ankhoswe pakati pa Achewa ndi Angoni a m'boma la Mchinji, ndipo tanthauzo lake lapafupi ndi lakuti cholakwa chimene munthu wachitira mnzake sichifafanizika chifukwa chongoti papita nthawi. Liwu loti mlandu pano ndi lotambasuka kuposa nkhani yozengedwa kukhoti la majisitireti, pakuti likuphatikiza mangawa alionse amene munthu amakhala nawo kwa mnzake atamulakwira, kaya ndi ng'ombe zimene zinadya mmera wa eni, malire a munda amene anasunthidwa mwakachetechete, mimba yokanidwa, kapena mawu achipongwe onenedwa pagulu. Mphamvu ya mwambiwu yagona pa liwu lachiwirilo. Mlimi wa ku Mchinji, kumene mtedza, chimanga, soya ndi fodya ndizo chuma cha pakhomo, amadziwa kuti chosungidwa chilichonse chili ndi masiku ake, popeza mtedza wosauma bwino umachita chuku, chimanga chimafumbwa ndi anankafumbwe, mitengo ya nkhokwe imadyedwa ndi chiswe, ndipo nyama yosafutsa siichedwa kununkha. Makolo anaona kuti pa zonse zimene munthu angasunge, mlandu wokha ndiwo umapezeka uli chimodzimodzi tsiku limene wafukulidwa.

Chimene chinkasunga mlandu m'masiku amene kunalibe zolembalemba chinali chikumbumtima cha mudzi wonse, makamaka cha nyakwawa, mboni ndi mwinimbumba, amene ndi malume woyang'anira alongo ake ndi ana awo monga mwa chikhalidwe cha Achewa chotsata mtundu wa kuchikazi. Mlandu unkaonedwa ngati katundu wa mbumba yonse, kotero kuti wopalamula akamwalira, wolowa dzina lake ankalowanso mangawa ake. Njira yokhayo youthetsera inali dipo, kutanthauza malipiro operekedwa kwa wolakwiridwa, ndipo kukula kwa dipo kunkayenderana ndi kukula kwa mlandu, kuyambira pa nkhuku, makasu ndi mbuzi mpaka pa munthu weniweni ngati mlanduwo unali wa magazi. Malume ankatha kupereka mwana wa mlongo wake ngati chikole, ndiko kuti chogwirizira kufikira mangawa atalipidwa, ndipo kukamutenga mwanayo popereka chuma kunkatchedwa kuwombola. Mawu amenewa ndi ofunika kuwasunga, chifukwa ndi omwewo amene pambuyo pake anadzalowa m'tchalitchi.

Ku Mchinji mwambiwu uli ndi kakomedwe kakekake chifukwa cha malire. Bomali, limene m'nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Manning, lachita malire ndi Zambia ndi Mozambique, ndipo mzere umene Azungu analemba unadutsa pakati pa anthu a mtundu umodzi, kotero kuti Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu ali ndi abale awo kwa Mpezeni, pamene Achewa a kwa Mkanda ndi kwa Mavwere amapita chaka ndi chaka ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete. Pamalo otere kuthawa mlandu n'kosavuta, pakuti wopalamula angathe kudzera pa Mwami kapena m'tinjira ta m'minda, n'kukakhala kwa achibale ku Chipata zaka zambiri, akulima ndi kukwatira ngati kuti kumudzi sanasiyeko kanthu. Akuluakulu sathamanga naye. Iwo amadziwa kuti tsiku lina kudzagwa maliro a mayi wake kapena a malume wake, ndipo mwambo wa maliro ukadzatha, eni mlandu adzapempha kuti mlendoyo ayambe wakhala pansi. Ngakhale mwambo wolengeza pamanda kuti amene anali ndi ngongole ndi malemu akaonane ndi a kubanja ukuchokera pa maganizo omwewo, akuti imfa imene siifafaniza mangawa.

Malembo Oyera akugwirizana ndi makolo pa mfundo imeneyi kuposa momwe alaliki ena amavomerezera. Abale ake a Yosefe atapanikizidwa ku Igupto, patapita zaka zoposa 20 chimugulitsireni m'bale wawo, chimene chinayamba kubwera m'maganizo mwawo chinali mlandu wakalewo, ngakhale kuti panalibe amene anawakumbutsa. Yakobo anakhala kwa Labani zaka 20 atathawa mkwiyo wa Esau, koma pobwerera sanayerekeze kuti zakazo zamulipirira, ndipo anatsogoza mbuzi 220, nkhosa 220 ndi ziweto zina kuti zikapepese m'malo mwake. Nkhani yolemera koposa ili mu 2 Samueli chaputala 21, pamene njala inagwa zaka zitatu zotsatizana m'masiku a Davide, ndipo chifukwa chake chinapezeka kuti chinali magazi a Agibeoni amene Sauli anawapha mophwanya pangano limene Yoswa anachita nawo mibadwo yambiri m'mbuyomo. Sauli anali atafa kale, koma mlandu wake unali wamoyo. Agibeoni anakana siliva ndi golide, nafuna anthu asanu ndi awiri a m'banja la Sauli, ndipo Rizipa, mayi wa awiri mwa iwo, anakhala pathanthwe kuingitsa mbalame ndi zilombo kuti zisadye mitembo. Nkhaniyi ndi yowawa, ndipo ikuonetsa poyera malire a dipo loperekedwa ndi anthu, pakuti mlandu umodzi unatha posiya mayi wosalakwa akulira, monga momwe chikole cha makolo chinkathetsera mkangano wa akuluakulu pogwiritsa ntchito mwana amene sanadye nawo kanthu. N'chifukwa chake mneneri Ezekieli, m'chaputala 18, anatsindika kuti munthu aliyense adzayankha za tchimo lake.

Chifukwa chimene tchimo siliwolera, malinga ndi chiphunzitso cha Chikhristu, n'chakuti amene walakwiridwa sasintha ndipo mawu ake sakalamba. Mneneri Yesaya, m'chaputala 40, anayerekeza anthu ndi udzu umene umauma, nasiyanitsa ndi mawu a Mulungu amene akhala mpaka kalekale. Lamulo la anthu limasintha ndi maboma, ndipo chimene chinali mlandu pansi pa bwanamkubwa wachitsamunda chingathe kukhala ufulu lero, koma kunama, kuba ndi kupha zimakhala ndi dzina lomwelo tsidya lino la Mwami ndi tsidya linalo. Kusasinthaku sikutanthauza kuti zilembo za m'buku sizisintha. Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira inatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, linatuluka mu 1922, Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo mu 1998 kunabwera Buku Loyera, limene mipingo inagwirira pamodzi. Pamene Buku Lopatulika linalemba Yehova, Buku Loyera linalemba Chauta, dzina limene Achewa ankalitchula kale pa kachisi, ndipo ena mwa okhulupirira okalamba sanalilandire msanga. Komabe mlandu umene mabuku onsewa akuneneza munthu ndi umodzi, ndipo njira youthetsera imene akuonetsa ndi imodzinso. Omasulira oyambawo anachita nzeru potenga mawu a pabwalo monga dipo, kuwombola ndi nkhoswe, amene ndi mkhalapakati woimira munthu pa nkhani za banja, n'kuwagwiritsa ntchito pofotokoza za Yesu Khristu, popeza munthu wa kumudzi sanafunikire womuuza kulemera kwa mawu amenewa.

Nsembe nayo siinali yachilendo. Achewa ankathira ufa ndi mowa patsinde la mtengo popepesa mizimu ya makolo, ndipo chilala chikakula ankatumiza zopereka ku Msinja kwa Makewana, pafupi ndi mapiri a Dzalanyama, kukapempha mvula. Angoni a Mpezeni mpaka lero amabaya ng'ombe yakuda pamwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa February, ngakhale kuti cholinga cha mwambowu ndi kuthokoza chifukwa cha zipatso zoyamba za m'munda. Aisraeli anali ndi Tsiku la Chitetezo, lofotokozedwa mu Levitiko chaputala 16, pamene mbuzi imodzi inkaphedwa ndipo inzake inkasenzetsedwa machimo a mtundu wonse n'kupirikitsidwira kuchipululu. Mlembi wa kalata ya kwa Ahebri anaona chinthu chimene nyakwawa aliyense angachimvetse, chakuti dipo lobwerezedwa chaka ndi chaka ndi umboni woti mlandu sunathe, pakuti ukanatha sipakanafunikanso mbuzi ina. Nsembezo zinali ngati chikole chogwirizira mlandu, ndipo ntchito yake yaikulu inali kukumbutsa anthu kuti mangawa akadalipo.

Apa ndi pamene uthenga wa mtanda ukupitirira nzeru za pabwalo popanda kuzitsutsa. Pabwalo la mfumu wolakwa ndiye amafunafuna mbuzi, ndipo sizinamvekepo kuti mwini munda wodyedwa akatenge mbuzi m'khola lake kuti alipirire mwini ng'ombe. Chikhristu chimaphunzitsa kuti Mulungu, amene ndiye wolakwiridwa, anapereka yekha dipo mwa Mwana wake, ndipo Mwanayo sanakokedwe ngati mwana wa chikole koma anadzipereka mwa kufuna kwake, kamodzi kokha. Mtumwi Paulo, polembera Akolose, anayerekeza zimenezi ndi kalata ya ngongole imene yafafanizidwa ndi kukhomedwa pamtanda. Kalata yake yaifupi ya kwa Filemoni ikuonetsa chimodzimodzi m'moyo wa tsiku ndi tsiku, pakuti Onesimo, kapolo amene anathawa mbuye wake n'kukatembenuka mtima kutali, sanauzidwe kuti akhale komweko popeza tsopano ndi Mkhristu, koma anabwezedwa kwa Filemoni atanyamula kalata imene Paulo analonjezamo kuti ngongole iliyonse ya Onesimo iwerengedwe pa iye. Umenewu ndiwo unkhoswe weniweni, wobweza wothawa kwawo ndi kumusenzera katundu wake. Choncho chikhululukiro cha machimo chiyenera kumveka ngati mlandu umene wazengedwa, walipidwa ndi kutsekedwa, pakuti kukhululuka kongonyalanyaza kukanapangitsa mawu a Mulungu kukhala onama.

Mipingo ya ku Mchinji, ngakhale imasiyana pa zambiri, yasunga mfundo yakuti mlandu umatha ndi mawu olankhulidwa. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Kachebere, m'malire mwenimweni, mu 1903, ndipo seminale yaikulu imene inatsegulidwa kumeneko mu 1939 yaphunzitsa mibadwo ya ansembe kuti wolapa aulule tchimo lake ndi pakamwa, alandire chikhululukiro, ndi kubweza chimene anawononga. Mu mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Nkhoma wolakwa amaonekera pamaso pa akulu a mpingo, amaimitsidwa pa Mgonero kwa kanthawi, ndipo akalapa amabwezedwa poyera. Njira ziwirizi zili ndi zofooka zake, makamaka pamene chilango chigwera mtsikana woyembekezera yekha mwamuna ali phee kuseri kwa malire, koma zonse zikukana maganizo akuti kungokhala chete zaka zingapo ndiko kulapa.

Mwambiwu umapotozedwa m'njira ziwiri, ndipo yoyamba ndi ya munthu wopemphera amene amati Mulungu anamukhululukira kale, pamene mbuzi ya eni ikadali m'khola lake ndipo yaswa kawiri. Munthu wotere watenga dipo la Khristu ngati chiphaso chodutsira pachipata osaonetsa katundu. Zakeyu wa ku Yeriko atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda, ndipo Yesu mwini, mu Mateyu chaputala 5, analamula kuti wobwera ndi chopereka kuguwa akakumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa, achisiye pomwepo ayambe wakayanjana naye. Mangawa a munthu kwa Mulungu analipidwa pa Gologota, koma thumba la feteleza limene anakongola kwa mlamu wake likudikirabe iye mwini.

Kupotoza kwachiwiri n'kofala kwambiri, ndipo kumachitika ndi wolakwiridwa amene analandira dipo, nagwirana chanza ndi mnzake pamaso pa mfumu, koma chaka chilichonse pa mowa kapena pa msonkhano wa banja amafukulanso nkhaniyo, n'kumati mlandu suwola. Makolo sanatanthauze zimenezo. Pamwambo wawo mlandu woweruzidwa ndi kulipidwa unkatha, anthu ankadyera mbale imodzi, ndipo woudzutsanso ndiye ankapalamula mlandu watsopano wonyoza bwalo. Fanizo la mu Mateyu chaputala 18 likunena za kapolo amene mfumu inamukhululukira matalente 10,000, chuma chimene sakanachipeza pa moyo wake wonse, koma anakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100, amene ndi malipiro a masiku 100 a waganyu, ndipo mfumu inamubwezera mangawa ake onse. Mawu osasintha amene amasunga mlandu kuti usawole ndi omwewo amene amasunga chikhululukiro kuti chisasasike, kotero kuti Mkhristu amene Mulungu wamumasula sayenera kudzizenga yekha usiku uliwonse, ndiponso alibe chilolezo chosungira mnzake mlandu umene unatsekedwa.

Milandu yambiri imene mafumu a ku Mchinji amatopa nayo masiku ano ndi ya malo, ndipo ina mwa iyo inayamba ndi agogo amene anagona kale kumanda, pamene adzukulu a mbali zonse ziwiri amakhala pa benchi imodzi Lamulungu ndi kulandira Mgonero m'chikho chimodzi. Amene akudziwa kuti mzere wa nkhadze pamunda wake unasunthidwa, kaya ndi iye kapena ndi malume wake, apite kwa nyakwawa pamodzi ndi mwini malo mvula yobzalira isanagwe.